Injini ikamakwera ndi kutsika m'mawa: momwe mungapezere gwero la vuto

M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikakuta phiri la Chiradzulu, eni malole ndi mapikiapu akale a m'dera la Mfumu Mpama amakumana ndi vuto limene ambiri amalipeputsa. Injini imalira bwinobwino, koma ikasiyidwa payokha, pomwe amakaniko amati pa idling, liwu lake limayamba kukwera ndi kutsika ngati pali wina amene akupondaponda moto. Pakatha mphindi zingapo imakhazikika, ndipo dalaivala amaiwala mpaka m'mawa mwake.

Galimoto zimenezi, monga Toyota Hilux, Toyota Dyna, Isuzu Elf ndi Mitsubishi Canter, ndi zomwe zimanyamula matimati, kabichi ndi mkaka mbandakucha kudzera pa Mbulumbuzi ndi Njuli kupita ku Limbe. Injini yotere imadya mafuta ambiri, ndipo ikhoza kuzima potsetsereka. Ikazima, buleki imalimba mukangoiponda kangapo, pomwe galimotoyo yasenza katundu.

Kukwera kwachibadwa ndi kukwera kwa vuto

Injini yozizira imayenera kulira mokwera pang'ono. Zambiri za petulo zimayambira pakati pa 1,000 ndi 1,500 rpm, kenako zimatsika pang'onopang'ono kufika pakati pa 650 ndi 850 rpm zikatentha. Izi si vuto. Vuto ndi pamene muvi wa rpm ukukwera, kugwa, n'kukweranso mobwerezabwereza.

Chimachititsa ndi chakuti petulo sasanduka nthunzi msanga mu injini yozizira, choncho pamafunika mafuta ochulukirapo kuti ayake bwino. Mafuta akachepa poyerekeza ndi mpweya, injini imafooka. Kompyuta ya galimoto imawonjezera mpweya ndi mafuta kuti isazime, injini n'kukwera mopitirira, kompyuta n'kuchepetsanso. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo mafuta otere amaulula msanga kuchepekedwa kulikonse kunja kukazizira.

Yambani ndi zosafuna ndalama

Kufufuza kuchitike galimoto itagona usiku wonse, chifukwa injini yotentha imabisa vutoli. Musanailize, onani madzi a mu ladiyeta. Pa injini zambiri za ku Japan, madziwa amadutsa pa valavu yoyendetsa idling komanso amakhudza sensa yoyeza kutentha. Madzi akachepa, kapena mukalowa mpweya m'mapaipi, zipangizozi zimasokonezeka ndipo injini imakwera ndi kutsika. Musatsegule chivundikiro cha ladiyeta injini ikatentha.

Funsaninso ngati thermostat ilipo. Amakaniko ena amaichotsa poti akuthana ndi kutentha kwa injini, koma zotsatira zake ndi zakuti injini imachedwa kutentha, imakhala nthawi yaitali ikumwa mafuta ambiri, ndipo mwaye umadzaza mapulagi. Onaninso fyuluta ya mpweya, chifukwa misewu ya fumbi ya m'midzi imaitseka msanga, komanso mawaya a batire ngati ali omangika bwino.

Mpweya wolowera pambali

Pa injini za petulo, gwero lofala kwambiri ndi mpweya wolowa malo osayenera. Timapaipi ta labala tikakalamba timang'aluka, ndipo gasiketi ya pa manifold imatha. Kukazizira zitsulo zimanyala pang'ono ndipo ming'alu imatseguka. Zikatentha zimafufuma n'kuitseka. N'chifukwa chake vutoli limaoneka m'mawa mokha.

Injini ikulira, tcherani khutu kuti mumve kaphokoso ka mpweya ngati kamluzu. Finyani kapaipi kalikonse pakokhapakokha, kuphatikizapo paipi yaikulu yopita ku booster ya buleki ndi ya valavu ya PCV. Liwu la injini likasintha pomwe mwafinya, vuto likhoza kukhala m'njira imeneyo. Ena amapopera madzi pang'ono m'mbali mwa gasiketi ndi kumvetsera ngati injini isinthe. Mankhwala otsukira kabuleta amaonetsa bwino kuposa madzi, koma amayaka moto, choncho asayandikire ekizozi kapena mawaya a mapulagi.

Makaniko amene ali ndi geji ya vacuum adziwe kuti mlingo wa pakati pa 17 ndi 21 umene umalembedwa m'mabuku ndi wa malo otsika a m'mbali mwa nyanja yamchere. Mlingowu umatsika ndi pafupifupi 1 pa mamita 300 alionse okwera. Chiradzulu ndi dera lokwera, kotero injini yabwino ikhoza kuonetsa 15 kapena 16. Chofunika ndi chakuti muviwo ukhale wokhazikika.

Valavu ya idling ndi masensa

Galimoto za fuel injection zili ndi valavu yotchedwa IAC, imene Toyota amaitchula ISC, yomwe imalowetsa mpweya pamene phazi silili pa moto. Mwaye ndi oyilo zikaumira mkati mwake, imayenda mokakamira, makamaka ikazizira. Kuitsuka pamodzi ndi throttle body nthawi zambiri kumathetsa vuto popanda kugula china chilichonse. Valavu ya EGR nayo ikakakamira ili yotseguka pang'ono imabweretsa utsi mu injini pa nthawi yosayenera.

Sensa yoyeza kutentha kwa madzi imayezedwa ndi multimeter. Pa Toyota zambiri imaonetsa ma ohm pakati pa 2,000 ndi 3,000 madzi akakhala pa madigiri 20, ndipo imatsika kufika pafupifupi 300 pa madigiri 80. Ikamauza kompyuta kuti injini yatentha pomwe ili yozizira, mafuta amachepa. Sensa ya oxygen siyamba kugwira ntchito isanatenthe. Choncho vuto loyamba injini ikangolira silichokera kawirikawiri kwa iyo, koma loyamba patadutsa mphindi imodzi kapena ziwiri likhoza kuchokera kumeneko.

Pa Toyota zakale za fuel injection, kulumikiza TE1 ndi E1 m'kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS kumachititsa nyali ya check engine kuphethira manambala, ndipo nambala 22 imaloza sensa ya madzi. Pa galimoto za OBD-II, makina owerengera amaonetsa P0115 pa sensa yomweyi, P0505 pa dongosolo la idling, ndi P0171 mafuta akamachepa. Nambala imaloza dera la vuto chabe: waya wodyeka kapena soketi yadzimbiri zimabweretsa nambala yofanana ndi ya sensa yakufa.

Galimoto za kabuleta

Apa woyamba kukayikiridwa ndi choke. Injini ikazizira, chitseko chake chiyenera kukhala chotseka, kutseguka pang'ono injini ikangolira, kenako kutseguka chonse ikatentha. Chikapanda kutseka, mafuta amachepa. Chikakana kutseguka, kumatuluka utsi wakuda. Jeti ya idling yotsekeka ndi zinyalala komanso gasiketi ya pansi pa kabuleta ndi malo ena oyenera kuonedwa. Kupotokola masikuluwu a kabuleta vuto lisanadziwike kumangowonjezera chisokonezo.

Malole a dizilo

Injini ya dizilo ikamachita zimenezi m'mawa, nthawi zambiri m'mapaipi a mafuta mwalowa mpweya. Usiku dizilo amabwerera m'thanki kudzera pa labala yotha ya fyuluta, pa kapampu kopopera ndi dzanja, kapena pa paipi yong'aluka, ngakhale pansi pasaoneke dontho. Popani kapampuko mpaka kalimbe musanalize injini. Ikalira mokhazikika, mwapeza mbali imene vuto lili. Kachidutswa ka paipi yoonekera mkati, koikidwa pakati pa fyuluta ndi pampu yaikulu, kamaonetsa thovu ngati mpweya ukulowa.

Khuthulaninso madzi a pansi pa fyuluta. Dizilo wogula m'zigubu nthawi ya kusowa kwa mafuta akhoza kukhala ndi madzi kapena palafini. Utsi woyera wonunkha dizilo, wotha injini ikatentha, umaloza ma heater plug akufa kapena ma injector otopa. Pampu yaikulu ikhale yomaliza kukhudzidwa, ndipo aisule ndi katswiri amene ali ndi makina oyezera.

Popita kugalaja

Muuzeni makaniko zinthu zinayi: nthawi imene vuto limayamba, mphindi zimene limatenga, mtundu wa utsi, ndi ntchito yomaliza imene inagwiridwa pa injiniyo. Siyani galimoto igone komweko kuti ailize yekha m'mawa. Pasinthidwe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo chiyesedwe tsiku lotsatira, chifukwa kusintha zinthu zitatu pakamodzi kumatha ndalama osadziwa chimene chinali cholakwika. Makaniko akakuuzani kuti mugule sensa kapena pampu, m'pempheni akuonetseni muyeso umene wapeza pa chipangizo chakalecho musanatulutse ndalama.