Kusankha TV yaikulu yosachita zipsera ndi magemu

Chipsera cha pa sikirini ndi chithunzithunzi chosafufutika chomwe chimatsalira pa TV chithunzi chimodzi chikakhalitsa pamalo amodzi. Magemu amadzetsa vutoli chifukwa zinthu monga mapu, wotchi ndi bolodi ya zigoli zimakhala zosasuntha kwa maola ambiri.

Vutoli limagwira makamaka ma TV a OLED, momwe kadontho kalikonse kamawala pakokha. Timadontho togwira ntchito mopitirira muyeso timafooka msanga kuposa tinzake, ndipo zikatero sikiriniyo sibwereranso mwakale. Ma TV a LED, QLED ndi Mini-LED amawalitsidwa ndi nyali zakumbuyo kwa galasi, choncho chipsera chokhalitsa n'chosowa. Amene amasewera gemu imodzimodzi tsiku lonse asankhe pa mitundu imeneyi.

Wokonda OLED kaamba ka kukongola kwa zithunzi zake achepetse kuwala, atchere Pixel Shift, ndipo asamathamangire kuzula pulagi akazimitsa, poti ndi nthawi imene TV imakonza timadontho take. Afunsenso ngati waranti ikukhudza zipsera, chifukwa zambiri sizitero.

Eni PlayStation 5 kapena Xbox Series X aonetsetsenso kuti TV ili ndi pobayira HDMI 2.1, pomwe pamadutsa zithunzi za 4K pa 120Hz.