Kachasu wa ku Feira ndi Ubongo wa Chidakwa

Feira, yemwe lero amatchedwa Luangwa, ali pomwe mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi, moyang'anizana ndi Zumbo wa ku Mozambique. Apwitikizi adakhazikika pamalopa m'zaka za m'ma 1700 pofuna golide ndi minyanga ya njovu, ndipo dzina loti Feira m'chinenero chawo limatanthauza msika. Pomwe David Livingstone ankadutsa mu 1856 adapeza mabwinja okhaokha, koma malondawo adadzayambiranso pansi pa eni asilikali a Chikunda monga Kanyemba ndi Matakenya.

Mowa wamasese anthu a m'chigwa cha Zambezi adali nawo kuyambira kale, wa pamaliro, pamilimo ndi pothira nsembe. Luso lotcheza ndilo lidabwera ndi amalonda, ndipo mawu oti kachasu adachokera ku liwu la Chipwitikizi loti cachaça. M'chigwa chotenthachi masawu amabereka kwambiri. Amayi amawaviika mpaka atasasa, kenaka amawatereka pamoto mumphika womata bwino. Nthunzi imadzera mumpope wozizidwa ndi madzi n'kumadontha m'botolo, ndipo botolo loyamba ndilo laukali kuposa onse.

Ukali umenewu ndiwo udasintha kamwedwe, popeza kachasu sasasa ngati masese ndipo amapezeka tsiku lililonse. Zomwe amachita m'mutu zidadziwika mochedwa. Selo iliyonse ya ubongo ndi yokutidwa ndi kachikopa kopyapyala kamafuta, momwe muli timakomo todutsira mauthenga. Mu 1977, Jane Chin ndi Dora Goldstein a ku Stanford adaonetsa kuti mowa umafewetsa kachikopaka, koma mbewa zomwe zidamwetsedwa mowa masiku angapo zidapezeka ndi timazikopa tosafewanso msanga. Kafukufuku wotsatira adapeza kuti timakomo nato timasintha: toziziritsa ubongo, ta GABA, timafooka, pomwe todzutsa, ta NMDA, timachuluka.

N'chifukwa chake chidakwa chimafuna mabotolo ambiri kuti chiledzere, ndipo m'mawa kapu imagwedezeka m'manja mpaka chitalawako. Chikasiya mwadzidzidzi, ubongo umatsala wopanda choudekhetsa: thukuta, kusowa tulo, kugwa ngati wakhunyu, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu ena amabwebweta n'kumaona zinthu zomwe palibe. Vutoli limatha kupha, choncho amene wamwa kwa zaka zambiri ayenera kusiya mowa moyang'aniridwa ndi achipatala.