Nyumba Ziwiri Zakale za Mzinda wa Blantyre

Omvera athu, ambiri a ife timayenda mu mzinda wa Blantyre tili piringupiringu, mtima uli pa basi ndi pa msika, osazindikira kuti tikulambalala mboni za mbiri yathu. Lero tiyeni tiime pang'ono pa nyumba ziwiri.

Yoyamba ili pa kamtunda ka ku Mandala. Ndi nyumba yosanja, ya khonde lalikulu, imene kampani ya African Lakes inamanga m'chaka cha 1882 kuti muzikhala akuluakulu ake. Mmodzi mwa iwo, John Moir, ankavala magalasi a m'maso, ndipo anthu poona kunyezimira kwake anamutcha Mandala. Dzinali linafalikira pa nyumba, pa sitolo, mpaka pa dera lonse. Ngati mumati Mandala ndi mawu a Chingerezi, dziwani kuti anatcha ndi makolo athu.

Pamalo pomwepa panali nkhokwe ya zida. Mu January 1915 anthu a John Chilembwe anafikapo usiku kudzalanda mfuti, koma anangotengako zowerengeka alonda atadzidzimuka. Nkhondo ija ikanayenda bwanji akanapeza zonse zimene anadzera? Funso limeneli limabwera lokha munthu akaima pabwalopo.

Yachiwiri ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Mishoni ya Blantyre. Ambiri amachidziwa ndi maso, koma owerengeka ndiwo amadziwa mamangidwe ake. Ntchito inayamba mu 1888 ndipo chinatsegulidwa mu 1891. Mbusa David Clement Scott, amene anatsogolera ntchitoyi, sanaphunzire za zomangamanga, ndiponso amuna a kuno amene anagwira naye anali asanamangepo nyumba yotere. Anaumba njerwa ndi dothi la komweko m'zikombole zamatabwa zamitundumitundu, naziotcha, naphunzira umisiri khoma likukwera. Papita zaka zoposa 130 tsopano, anthu akupempherabe momwemo.

Mabuku amatchula Moir ndi Scott, koma dothi linapondedwa ndi mapazi a agogo athu, njerwa zinasanjidwa ndi manja awo. Nyumba zotere tikazilekerera kuti chiswe ndi mvula zizigwetse, kapena tikazigumula pofuna malo a sitolo, tafafaniza umboni wa luso lawo, ndipo adzukulu athu adzayesa kuti mzindawu anautimangira alendo okha.

Tsono mukapeza mpata Loweruka likudzali, tengani ana anu mukawaonetse makoma amenewa. Tsalani bwino, omvera.