Njira ya ku Joni

Popeza mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, amuna a ku Lirangwe ndi Chileka, msonkho ukawapana, ankasiya khasu nakalembetsa ku Blantyre kwa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi, ndipo dokotala akawapima m'chifuwa, ndege inkawanyamula pa Chileka kupita ku Francistown, ulendo wa ku migodi ya golide ya ku Joni. Mu Epulo 1974 ndege ina inagwa ku Francistown komweko, nipha Amalawi 74 obwerera kwawo. Kamuzu analetsa ulendowo, ndipo ngakhale TEBA, yomwe inalowa m'malo mwa Wenela, inautsegulanso, pofika 1988 unatsekeka. Lero zidzukulu zawo, zikafuna kusiya ulimi, zimagula bandulo n'kufunsa ntchito pa WhatsApp kwa abale a ku Johannesburg, koma zomvetsa chisoni, ambiri amanyamuka popanda pangano lolembedwa lowateteza akafika.