Kucokera pa Nsikwa Kufika pa Mpira wa Manja

 Lero sindinena za mizere kapena manyowa ai. Cimanga ciri m'nkhokwe, zitsononkho ziri mbwee pa dzala, ndipo zandikumbutsa nsikwa.

Akulu mudziwa maseweredwe ace. Anyamata anali kusema cibade ca cikho, nabvikapo kamtengo pakati. Anali kukhala pansi mbali ziwiri moyang'anana, yense ataimika citsononkho patsogolo pace, ndipo anali kupota nsikwa kuti ikagwetse ca mnzace wa tsidya lija. Mai Alice Werner analemba za masewerawa m'buku lao la 1906. Onani kuti panalibe mnyamata wophunzira kulunjika ali yekha kuseri kwa nyumba. Dzanja linali kuongoka cifukwa wophonya anali kugwetsa mbali yace yonse, anzace namuseka.

Mpira wa manja unabadwira ku England m'zaka za m'ma 1890, ndipo kuno unafala ndi masukulu. Mbali iri yonse ikhala ndi anthu 7, koma oponya m'cigoli ndi awiri okha. Mkombero uli pa mtengo wa mapazi 10, ndipo wogwira mpira ayenera kuutaya asanathe masekondi 3. Nchito yace ndi ya diso ndi mtima wosanjenjemera.

Ana athu akazi anaonetsa dziko lonse zimenezi. M'caka ca 2007 ku Auckland anakhala acisanu pa dziko lonse. Mu 2015 ku Sydney, Mwawi Kumwenda, mwana wa ku Mzimba amene anayamba ndi mpira womanga ndi mapepala a pulasitiki, anasankhidwa woposa osewera onse a pa mpikisanowo. Mu 2018 ku Gold Coast anagonjetsa New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53. Zigoli 4 zokha, mafumu! Oponya athu akadaphonya kasanu, bwenzi palibe conena.

Ndaona pa mabwalo ena mtsikana alikuponya yekha madzulo onse, mpira nulowa bwino. Tsiku la mpikisano manja ace angoti zii. Njira ya nsikwa iposa. Gawani atsikana mbali ziwiri. Yense athamange kufika kumapeto kwa bwalo ndi kubwerera, aponye kakhumi ali wefuwefu, wa mbali inayo ataima patsogolo pace manja m'mwamba. Werengani zolowa ndi timiyala. Ocepekedwa timiyala asese bwalo mawa lace.

Cosowa m'midzi yambiri ndi malo. Bwalo lace ndi mapazi 100 m'litali ndi 50 m'lifupi, kosafika ngakhale limodzi la magawo 8 a ekala. Inu a Nyakwawa, pimani malo otere pa cisala cosalimidwa, pafupi ndi mtengo wa mthunzi, dzuwa la kuno mulidziwa. Mitengo iwiri yoongoka ndi zitsulo ziwiri zopinda, wosula makasu wa pa mudzi panu angathe kukonza mvula isanagwe.