Mfundo ya Jordan ndi ana a eni nthaka ku Canada

Mfundo ya Jordan, imene pa Chingerezi amati Jordan's Principle, imanena kuti mwana wa eni nthaka a ku Canada akafuna chithandizo, nthambi ya boma imene yayamba kupemphedwa ilipire msanga, ndipo mkangano wa ndalama ubwere pambuyo. Tikati eni nthaka tikunena mitundu imene inali m'dzikolo Azungu asanafike, makamaka imene imatchedwa First Nations.

Dzinali ndi la Jordan River Anderson, mwana wa mtundu wa Cree wochokera ku Norway House m'chigawo cha Manitoba. Iye anabadwa mu 1999 ali ndi matenda ovuta, ndipo makolo ake anamupereka m'manja mwa boma kuti apeze chithandizo chimene kwawo kunalibe. Atakwanitsa zaka ziwiri, madokotala a ku Winnipeg anati angathe kutuluka m'chipatala n'kukaleredwa pa banja lapafupi. Koma boma lalikulu ndi boma la chigawo anayamba kukankhirana udindo wolipira. Anakangana zaka zoposa ziwiri, mpaka mwanayo anamwalira m'chipatala momwemo mu 2005, ali ndi zaka zisanu, asanagonepo m'nyumba ya banja. Mu 2007 aphungu a Nyumba ya Malamulo anavomereza mfundoyi onse pamodzi.

Kuvomereza n'kosavuta, kuchita ndiye kunachedwa. Chaka chomwecho mayi Cindy Blackstock, mtsogoleri wa bungwe la First Nations Child and Family Caring Society, pamodzi ndi bungwe la Assembly of First Nations, anakasuma kuti boma limapereka ndalama zochepa zosamalira ana a m'midzi ya eni nthaka, motero ana ambiri amachotsedwa kwa makolo awo chifukwa cha umphawi. Mlanduwu unatenga zaka zisanu ndi zinayi. Mu January 2016 bwalo loona za ufulu wa anthu linagamula kuti boma linachitadi tsankho, ndipo mu 2023 khoti linavomereza chipukuta misozi cha madola a ku Canada opitirira 23 biliyoni. Komabe kalembera wa mu 2021 anaonetsa kuti ana a eni nthaka, amene anali pafupifupi 8 mwa ana 100 alionse m'dzikolo, anali pafupifupi 54 mwa 100 alionse oleredwa ndi mabanja ena m'dzina la boma.

Ife Akatolika sitingaifotokoze nkhaniyi ngati alendo. Kale ana pafupifupi 150,000 anatengedwa kwa makolo awo n'kuikidwa m'sukulu zogonera konko, kumene ankaletsedwa kulankhula chinenero chawo. Boma ndilo linkalipira, koma zambiri mwa sukuluzo zinkayendetsedwa ndi zipani za ansembe ndi masisitere a Mpingo wathu, ndipo ana zikwizikwi anafera komweko. Akatekisiti asabise zimenezi akafunsidwa. Bungwe lofufuza choonadi ndi kuyanjanitsa anthu, potsiriza ntchito yake mu 2015, linapereka mapempho 94. Asanu oyamba onse anali okhudza ana oleredwa ndi boma, ndipo lachitatu linali loti Mfundo ya Jordan itsatidwe mokwanira. Pempho la nambala 58 linali loti Papa abwere kudzapepesa m'dziko la Canada lomwelo. Papa Francis anachita zimenezi pa 25 July 2022 ku Maskwacis, m'chigawo cha Alberta, pamaso pa anthu okalamba amene anaphunzira m'sukuluzo ali ana.