Abovian ndi Mkangano wa Chinenero ku Armenia

Kodi mwana angaganize mozama m'chinenero chimene sachimva? Funso limeneli linasautsa dziko la Armenia. Chiyambire pamene Mesrop Mashtots anakonza zilembo zawo cha m'chaka cha 405, mabuku ankalembedwa m'chinenero chakale chotchedwa Grabar. Pofika zaka za m'ma 1800 anthu wamba sankachimvanso, ndipo ana ankangoloweza mawu osadziwa tanthauzo.

Khachatur Abovian, mphunzitsi amene anaphunzira ku Dorpat, anatsutsa mchitidwewu. Mu 1841 analemba buku la Verk Hayastani m'chinenero cha anthu wamba. Akuluakulu ena a mpingo anadana ndi kaphunzitsidwe kake. Mu 1848 anachoka pakhomo m'mamawa, osabwereranso. Bukulo linasindikizidwa ku Tiflis mu 1858, ndipo pang'onopang'ono chinenero cha anthu wamba chinalowa m'mabuku ndi m'sukulu.